Shampu wodula kapena wotchipa: zimene ndinaona nditagwiritsa ntchito mabotolo atatu

Botolo langa loyamba la shampu wodula ndinaligula chifukwa cha manyazi. Loweruka lina ndinapita ku saluni kukamasula meshi amene ndinakhala nawo milungu 6, ndipo mtsikana amene ankandimasulayo ataona kuchuluka kwa tsitsi lotsalira pachipeso anapukusa mutu n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi kunyumba mumatsukira chiyani m'mutumu?" Nditamutchulira shampu amene ndinkagula kusitolo pamodzi ndi shuga ndi mafuta ophikira, anandiuza mwaulemu wake wonse kuti ameneyo sasiyana ndi sopo wotsukira mbale wothira mafuta onunkhira, kenako anatsitsa pashelefu kabotolo kamtundu wagolide kamene mtengo wake unaposa kasanu wa botolo langa lalikulu lija. M'saluni munali anthu ambiri, ena atakhala pansi pa dulaya makutu ali tcheru, choncho ndinapisa dzanja m'chikwama osatsutsa.

Ndili m'minibasi pobwerera ndinayamba kuwerengera zinthu zimene ndalamazo zikanagula pakhomo, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti botololo lisangotha popanda kundiphunzitsa kanthu. Kwa miyezi 9 yotsatira ndinagwiritsa ntchito mashampu atatu, aliyense miyezi itatu: wotchipa uja wa mamililita 750, wina wamtengo wapakati wa mamililita 400 amene amapezeka m'masitolo ambiri mu Blantyre, ndi wodula wa ku saluni wa mamililita 250. Mayina awo sindiwatchula chifukwa zimene ndinapeza zikukhudza mabotolo ambirimbiri ofanana nawo. Tsitsi langa ndi lachilengedwe, lopotana kwambiri, ndipo ndinasiya kuliwotcha ndi mankhwala zaka zingapo zapitazo. Ndimalitsuka kamodzi pa mlungu ndi madzi a pampopi. Ndi shampu aliyense, mwezi woyamba ndinkatsuka popanda kondishona, ndipo miyezi iwiri yotsatira ndinkawonjezera kondishona mmodzimodzi wamtengo wapakati, pofuna kudziwa kuti ntchito ya shampu imathera pati.

Ndisanatsegule n'komwe botolo lagolide lija, ndinaika mabotolo onse atatu pathebulo n'kuwatembenuza kuti ndiwerenge timalemba ting'onoting'ono takumbuyo, timene ambirife timatidumpha. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America, amene makampani ambiri otumiza katundu kuno amatsata, amafuna kuti zinthu zopangira mankhwala odzola zilembedwe kuyambira chochuluka kwambiri kutsika mpaka chochepa, ndipo zimene sizifika peresenti imodzi zikhoza kulembedwa mosatsata dongosolo kumapeto. Pa mabotolo onse atatu mawu oyamba anali Aqua, amene ndi madzi basi. Achiwiri pa wotchipa ndi pa wamtengo wapakati anali sodium laureth sulfate, ndipo ndinadabwa kuwapezanso pamalo omwewo pa wodula uja. Pafupi pomwepo onse anali ndi cocamidopropyl betaine komanso sodium chloride, umene ndi mchere womwewu timathira m'ndiwo. Mafuta a argan amene anajambulidwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa botolo lodula ndinawapeza pafupi ndi kumapeto kwa mndandanda, pansi pa mawu akuti parfum, kusonyeza kuti n'kutheka kuti zonunkhiritsa zinali zambiri kuposa mafutawo.

Zinthu zimenezi zili ndi ntchito zake zodziwika bwino. Sodium laureth sulfate ndi amene amatsuka, chifukwa mbali imodzi ya tizigawo take imagwira mafuta ndi litsiro pamene mbali inayo imagwira madzi, kotero kuti potsukuluza zonse zimapitira limodzi. Cocamidopropyl betaine amachepetsa ukali wa mnzakeyo ndi kukometsa thovu. Mchere umapangitsa kuti shampu akhale wolimba ngati phala m'malo mokhala wamadzimadzi, ndipo apa m'pamene ambiri timapusitsika, popeza timakhulupirira kuti shampu wolimba ndiye wamphamvu pamene kulimbako kungabwere ndi chinthu chotchipa kuposa zonse m'khitchini. Kunyezimira konga kwa mkanda kumene kumaoneka mukathira shampu wodula m'manja kumachokera ku glycol distearate, amene ntchito yake yaikulu ndi kusangalatsa maso. Ngakhale thovu lenilenilo si umboni wa kutsuka, chifukwa tsitsi likakhala ndi mafuta ambiri thovu limachepa pa kutsuka koyamba ngakhale kuti litsiro likuchoka, ndipo limachuluka pa kutsuka kwachiwiri pamene ntchito yatha kale.

Pogwiritsa ntchito, kusiyana kunalipo ndithu, ndipo kungakhale kusaona mtima kunena kuti mabotolo onse anali chimodzimodzi. Wotchipa uja ankatsuka mwamphamvu, koma m'mwezi umene sindinkagwiritsa ntchito kondishona ankasiya tsitsi langa lili gwaa, lokolanakolana, moti popesa ndinkamva likuthetheka ndipo timatsitsi tifupitifupi tinkagwera paphewa. Fungo lake linali lakuthwa ngati la maswiti ndipo linkatha tsitsi likangouma. Wodula uja ankasiya tsitsi lofewa ndi loterera ndisanadzole chilichonse, chipeso chinkadutsa mosavuta, ndipo fungo lake linali lodekha, lokhalitsa mpaka tsiku lachitatu, moti mnzanga wa kuntchito anandifunsa za mafuta onunkhira amene ndinagula. Chimene chinandichititsa kuganiza kwambiri n'chakuti wamtengo wapakati uja ankafewetsa tsitsi pafupifupi mofanana ndi wodulayo, ndipo nditabwerera ku timalemba tija ndinapeza chifukwa chake: onse awiri anali ndi dimethicone komanso guar hydroxypropyltrimonium chloride, zinthu zimene zimatsalira patsitsi n'kulikuta kuti liziterera, pamene wotchipa uja analibe.

Nkhani inasintha nditayamba kuwonjezera kondishona. Kuyambira mlungu woyamba womwe, tsitsi lotsukidwa ndi shampu wotchipa kenako n'kupakidwa kondishona linkafewa kuposa lotsukidwa ndi shampu wodula yekha, ndipo pofika mwezi wachitatu wa botolo lililonse sindikanatha kusiyanitsa ndi zala zanga kuti ndatsukira uti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Tsitsi lililonse limakutidwa ndi timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo, ndipo kutsuka, kupesa ndi dzuwa zimatukula timambato n'kuchititsa kuti tsitsi lina lizikola linzake. Kondishona amakhala ndi zinthu monga cetearyl alcohol ndi behentrimonium chloride, zimene zimamatirira makamaka pamalo owonongekawo n'kugonetsa timambato. Shampu amapangidwa kuti achotse zinthu, kondishona amapangidwa kuti asiye zinthu, ndipo botolo limodzi likamayesa kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi limachita yachiwiriyo moperewera. Kufewa kumene ndinkalipira ndalama zambiri mu shampu wodula kunali kagawo chabe ka ntchito imene kondishona wamba amagwira mokwanira.

Pa botolo lagolide panalembedwanso kuti limadyetsa tsitsi ndi kulithandiza kukula, ndipo awa ndi mawu amene amatsegula zikwama za amayi ambiri. Tsitsi limene timaliona ndi kuligwira lilibe moyo. Linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomweyo imene imapanga zikhadabo, ndipo n'chifukwa chake kumeta sikupweteka. Gawo lamoyo lili pansi pa khungu, pamene muzu umalandira chakudya kuchokera m'magazi, ndipo tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi mosatengera dzina la botolo limene lili m'bafa. Chinthu chimene chimakhala m'mutu mphindi ziwiri kapena zitatu kenako n'kutsukuluzidwa sichingafulumizitse muzu umenewo, ndiponso nsonga zogawanika sizilumikizikanso, zimangofunika kudula. Ndinkayeza chingwe chimodzi cha tsitsi lakumbuyo ndi tepi ya telala kumapeto kwa miyezi itatu iliyonse, ndipo sindinaone kuti miyezi ya shampu wodula inaposa inzake. Munthu amene tsitsi lake likuthothoka modetsa nkhawa angapindule kwambiri kukayezetsa magazi kuchipatala, popeza kuchepa kwa ayironi m'thupi, matenda a chithokomiro ndi miyezi yotsatira kubereka ndi zina mwa zifukwa zodziwika, ndipo palibe shampu amene amafika kumeneko.

Nanga tsitsi lija linadzaza chipeso ku saluni, limene linandigulitsa botolo lodula, linachokera kuti? Madokotala a khungu amanena kuti munthu wathanzi amataya tsitsi lapakati pa 50 ndi 100 tsiku lililonse. Tsitsi likalukidwa, lothothokalo limasowa kogwera ndipo limangokhala m'malukidwemo kudikira tsiku lomasula. Milungu 6 ndi masiku 42, ndipo kuchulukitsa kwake kumapereka tsitsi lapakati pa 2,100 ndi 4,200 lotuluka nthawi imodzi, mulu wokwanira kuopseza mayi aliyense amene sanawerengere. Sindikukhulupirira kuti mtsikana uja ankafuna kundinamiza, chifukwa iyenso ayenera kuti anauzidwa zomwezo ndi amene amabweretsa katunduyo, koma shampu wanga wotchipa anaimbidwa mlandu umene sanapalamule. Chimene chimawonongadi tsitsi lathu nthawi zambiri ndi manja. Tsitsi lopotana silikhala lobulungira ngati ulusi, limakhala lophwatalala pang'ono ndipo limafooka pamalo pamene lapindika. Mafuta amene khungu limatulutsa lokha amavutika kutsetsereka mpaka kunsonga, n'chifukwa chake limauma msanga. Kulipesa louma, kulikoka poluka mpaka khungu la pachipumi kutukuka timatuza, ndi kusiya meshi olemera nthawi yaitali zimadya tsitsi la m'mphepete mwa mutu, ndipo kukokako kukapitirira zaka zambiri tsitsilo silimeranso. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza anthu atsitsi ngati lathu kutsuka kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri ndi kupaka kondishona nthawi iliyonse akatsuka, ndipo m'malangizo amenewo mulibe mawu onena za mtengo wa shampu.

Masiku ano mabotolo ambiri odula amadzitama kuti alibe sulfate, ndipo mawu amenewa afala kwambiri pakati pa amayi osunga tsitsi lachilengedwe moti ena amaona sulfate ngati poizoni. Muli choonadi pang'ono m'menemo, chifukwa sodium lauryl sulfate, amene ndi wosiyana ndi laureth uja ngakhale mayina akufanana, ndi waukali ndipo amaumitsa khungu la anthu ena. Koma botolo lolembedwa kuti lilibe sulfate likhoza kukhala ndi sodium C14-16 olefin sulfonate, amene amatsuka mwamphamvu ngati yemweyo amene akumuthawayo. Amene akufunadi shampu wofatsa ayang'ane mayina monga sodium cocoyl isethionate, decyl glucoside kapena coco glucoside pafupi ndi pamwamba pa mndandanda. Komanso aganizire zimene amadzola, chifukwa ambirife timapaka mafuta olemera okhala ndi petrolatum, amene ndi vaselini, kapena mafuta a nsatsi, kenako n'kuyenda m'fumbi la mwezi wa Okutobala, ndipo shampu wofatsa kwambiri amalephera kuchotsa zonsezo, khungu n'kuyamba kuyabwa. Kwa munthu wotsuka kamodzi pa mlungu, shampu wamba wotsuka bwino ndi woyenera kuposa wofatsa wodula amene anapangidwira anthu otsuka tsiku ndi tsiku.

Funso lotsala ndi lakuti ndalama zowonjezerazo zimapita kuti. Mayina ambiri amene timawaona ngati opikisana ali ndi mwini mmodzi. Kampani ya L'Oréal ndi imene ili ndi Kérastase wogulitsidwa m'masaluni apamwamba, ndi yomweyonso ili ndi Garnier wa m'masitolo wamba komanso Dark and Lovely, amene analowa m'manja mwake mu 2000 itagula kampani ya Carson. Unilever ili ndi Sunsilk, Dove ndi TRESemmé, amene poyamba ankagulitsidwa m'masaluni mokha, ndipo Procter & Gamble ili ndi Pantene komanso Head & Shoulders. Izi sizikutanthauza kuti zam'kati mwa mabotolo onsewa n'zofanana, koma zikusonyeza kuti nzeru za akatswiri a kampani imodzi zimafika ku mabotolo amitengo yonse, ndipo chimene chimasiyana kwambiri ndi zonunkhiritsa, kukongola kwa botolo, kutsatsa malonda ndi phindu la wogulitsa. Kwathu kuno pamawonjezeka china. Pafupifupi mashampu onse amayina odziwika amachokera kunja, ambiri kudzera ku South Africa, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera popanda dontho limodzi losintha m'botolo. Tsono mtengo wa pashelefu umanena zambiri za ulendo umene botolo layenda kuposa za ubwino wake. Ndinawerengeranso mtengo wa mililita imodzi, chinthu chimene ndikulangiza aliyense kuchita ndi foni yake ali m'sitolo momwemo: botolo lodula kasanu koma locheperapo katatu limakhala lodula ka 15 pa mililita iliyonse. N'zoona kuti wodulayo ndinkathira wocheperapo, mwina theka, koma theka silingakwirire kusiyana kotere.

Pali malo amene ndalama zowonjezera zimagwiradi ntchito, ndipo ndinawaona m'nyumba mwanga momwe. Bambo a kunyumba akhala akuvutika zaka zambiri ndi vuto limene ambiri amalitcha dandruff, loti khungu la m'mutu limayabwa n'kumafunduka tizidutswa toyera togwera pakolala ngati gaga. Anayesa shampu wanga wodula uja kwa milungu itatu osaona kusintha kulikonse. Vutoli limakhudzana ndi fangasi wotchedwa Malassezia, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense n'kumadya mafuta a pakhungupo, koma kwa anthu ena khungu limanyansidwa naye. Chofunika ndi mankhwala olimbana ndi fangasiyo, monga ketoconazole, selenium sulfide, piroctone olamine kapena zinc pyrithione, amene mayiko a European Union anamuletsa m'zodzoladzola kuyambira mu Malichi 2022 ngakhale kuti kwina akugwiritsidwabe ntchito. Tinagula ku famase kabotolo kakang'ono ka ketoconazole wa 2 peresenti, kamene pa mililita kanali kodula kuposa ngakhale botolo lagolide lija, ndipo wogulitsa mankhwalayo anatsindika kuti, "Bambo, musamangopaka n'kutsukuluza, muzidikira mphindi zitatu mpaka zisanu, kawiri pa mlungu." Pasanathe mwezi kolala inayera. Apa ndalama zinagula chinthu chokhala ndi dzina ndi muyeso wolembedwa pabotolo, chimene ntchito yake imadziwika.

Ndiyenera kuwonjezera chenjezo lokhudza ana, chifukwa ndaonapo makolo akuwononga ndalama pa mashampu amankhwala pamene mwana ali ndi chipere cha m'mutu, chija chimadya tsitsi mozungulira n'kusiya zigamba zotuwa. Fangasi wa chipere amalowa m'kati mwa tsitsi ndi m'mizu, kumene shampu safika, ndipo chimachizika ndi mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa milungu ingapo, operekedwa kuchipatala. Shampu wamankhwala amangothandiza kuti chisafalikire kwa ana ena.

Amayi amene amawotcha tsitsi ndi mankhwala alinso ndi chifukwa chomveka chosankhira mosamala. Mankhwala owongolera tsitsi amakhala ndi sodium hydroxide, kapena calcium hydroxide wosakaniza ndi guanidine carbonate, ndipo ndi aukali kwambiri kumbali ya zinthu zonga chidulo. Aliyense amene anaphikapo therere amadziwa mmene chidulo kapena soda amafewetsera masamba mpaka kusungunuka, ndipo mankhwala amenewa amachita zofananazo kutsitsi, kungoti mwamphamvu koposa. Pa muyeso wa pH, pamene 7 ndi pakati, pansi pake ndi mbali ya asidi ndipo pamwamba pake ndi mbali ya zinthu zonga chidulo, khungu la m'mutu limakhala pafupifupi pa 5.5 pamene mankhwala owotchera okhala ndi sodium hydroxide amapitirira 12. Akangotsukuluzidwa pamafunika shampu wapadera wobwezeretsa tsitsi kumbali ya asidi, ndipo ambiri mwa mashampu amenewa thovu lawo limasintha mtundu ngati mankhwala akadalimo. Kusagula shampu ameneyu chifukwa choumira, kapena kulola kuti ku saluni akutsukeni ndi wamba pofuna kufulumira, n'kumene kumachititsa tsitsi kuduka pakatha masiku ochepa. Komabe ngakhale apa chofunika ndi mtundu woyenera wa shampu, ndipo nthawi zambiri amabwera kale m'bokosi limodzi ndi mankhwalawo.

Kusiyana kwakukulu kuposa konse kumene ndinakuona m'miyezi yonseyi sikunali pakati pa mabotolo anga atatu. Ndinapita ku maliro kwa achibale ku Chikwawa n'kuiwala shampu, ndipo ndinatsuka m'mutu ndi sopo wamtanda ndi madzi a pamjigo, amene m'madera ambiri a kumunsi kwa Shire amamveka mchere pakamwa. Tsitsi linauma ngati udzu wofolera, linachita mbuu, ndipo chipeso chinakana kulowa. Sopo wamtanda amakhala pa pH ya 9 kapena 10, zimene zimatukula timamba tija, ndipo akakumana ndi madzi okhala ndi miyala yosungunuka yambiri amapanga zoyera zomata zimene timaziona m'mphepete mwa beseni, zomwe zimatsaliranso patsitsi. Zotsukira za mu shampu, ngakhale wotchipitsitsa, sizichita zimenezi. Nditabwerera kunyumba, kutsuka kumodzi kokha ndi botolo langa la mamililita 750 kunabwezeretsa tsitsi m'malo mwake. Kuchoka pa sopo wamtanda kufika pa shampu wotchipa ndi ulendo wautali kwambiri, pamene kuchoka pa wotchipa kufika pa wodula ndi kaphazi kamodzi kogulidwa pamtengo woboola m'thumba.

Pamene ndikuyamikira shampu wotchipa sindikunena za aliyense wopezeka pamsika. Pali mashampu ogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa kapena m'zigubu zopanda chizindikiro chilichonse, ndipo pali mabotolo amayina odziwika amene anatha kale n'kuthiridwamo zina. Shampu ndi madzi ambiri, ndipo akasungunulidwa ndi madzi ena n'kusungidwa nthawi yaitali mankhwala oteteza kuti asavunde amafooka, tizilombo n'kuyamba kuswana. Ndimagula botolo lokhala ndi mndandanda wa zopangira, dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu limene linapangidwira, ndi chivindikiro chosatsegulidwapo. Ambiri amakhalanso ndi kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M kapena 24M, kusonyeza miyezi imene angagwiritsidwe ntchito akatsegulidwa, ndipo botolo lalikulu kwambiri kwa munthu mmodzi wotsuka kamodzi pa mlungu likhoza kupitirira nthawi imeneyo lisanathe.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma kunena chilungamo m'botolo lagolide lija munalibe nyerere. Munali shampu wabwino ndithu, kungoti ubwino wake sunafanane ndi mtengo wake. Amene ali ndi ndalama ndipo amakonda fungo lokhalitsa ndi botolo lokongola m'bafa sakulakwa kugula, malinga adziwe kuti akugula chisangalalo, monga mmene munthu amagulira nsalu yodula pamene yotchipa ikanamufunda chimodzimodzi. Amene khungu lawo limachita ziwengo asaganize kuti mtengo ndi chitetezo, chifukwa zonunkhiritsa ndi zina mwa zinthu zimene zimayambitsa ziwengo kawirikawiri ndipo mashampu odula nawonso amakhala nazo. Iwo afunefune wopanda fungo. Pa mabotolo anga atatu, amene ndikupitiriza kugula ndi wotchipa uja, ndipo ndalama zotsalazo ndimagulira kondishona wabwino ndi chipeso cha mano otalikirana. Wamtengo wapakati ndingamusankhe pa ulendo, pamene sindikufuna kunyamula mabotolo awiri, popeza amafewetsa mokwanira payekha. Wodulayo sindidzamugulanso.

Kutsuka kwanga tsopano kumatenga nthawi yaitali kuposa kale ngakhale kuti kumadya ndalama zochepa. Ndimagawa tsitsi m'magawo anayi, ndimapaka shampu pakhungu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, ndipo thovu lotsetsereka potsukuluza ndi limene limatsuka kunsonga. Kondishona ndimamupaka kuyambira pakati mpaka kunsonga, n'kupesa akadali m'mutu kuyambira kunsonga kukwera kumizu, ndipo timatsitsi tifupitifupi tija tinasiya kugwera paphewa.

Botolo lagolide likadali m'bafa ngakhale kuti shampu wake anatha kalekale. Lili ndi kakamwa kakang'ono kosongoka kamene mabotolo enawo alibe, ndipo mwana wanga wamkazi, amene amakhala ndi malukidwe nthawi yonse ya sukulu, anatulukira kuti kamalowa bwino pakati pa mizere. Tsiku lotsuka amathiramo shampu wotchipa pang'ono ndi madzi ofunda okwanira tsiku lomwelo, amakhutchumula, n'kumadontheza mzere ndi mzere mpaka khungu lonse litanyowa, ndipo akamaliza amalitsuka n'kulivundikira pawindo kuti liume.